Nthungululu za Mai Odeta

Nkhondo itatha, Mai Odeta anabwerera ku Mualadzi kuchokera ku Zambia atasenza mtolo umodzi. Nyumba inali itapsa. Chimene chinawabweza ndi miyala isanu pansi pa msuku, kumapeto kwa munda, pamene anaika mwana wawo Semu mofulumira usiku wothawa usanafike. Chaka ndi chaka ankalambulapo.

Patapita zaka kunabwera Celso, mnyamata wa pakamwa potsekemera, wotumidwa ndi kampani ina yofuna golide. Za golide sanatchule n'komwe. Anangouza amayi a kwaya ya kutchalitchi kuti Loweruka kubwera alendo, ndipo anagawa makapulana atsopano, nsalu zovala amayi.

"Amayi, mlendo ndi mame," anatero kwa Mai Odeta. "Paja nthungululu zanu zimamveka mpaka ku Nsadzo."

Ndani kwathu kuno angakane kulandira mlendo? Loweruka lija lole inatsitsa anthu amene sitinawaonepo, atanyamula zikwangwani. Alendo anatsika m'galimoto, amayi anavina, Mai Odeta analuluta mpaka mawu kusasa. Wina ankangojambula. Alendowo sanamwe ngakhale madzi.

Mvula isanagwe, m'munda muja munazikidwa zikhomo zofiira. Msuku unali mkati.

Mai Odeta anayenda wapansi kupita ku posto, ku ofesi ya boma, nagwada pamaso pa mlembi.

"Bambo, mwana wanga ali pamenepo. Munda atenge, koma pamsukupo asiye."

Mlembi anatulutsa kabuku konyezimira. Pachikuto panali mayi wovala kapulana yatsopano, dzanja pakamwa, nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Anawawerengera zolembedwa pansi pake: bungwe la alimi a ku Mualadzi lapempha lokha kuti mgodi utsegulidwe msanga.

"Bungwe liti? Ife tilibe bungwe."

"Kodi awa si inu, amayi?"

Anali iwo. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Anthu aja sanabe ndi mfuti ngati a nthawi ya nkhondo, anabera mayi ulemu wake womwe.

Tsiku losamutsa manda, achibale anakumba pang'onopang'ono ndi manja. Mafupa a Semu anali ochepa, okwana m'lichero. Akuluakulu anati mwana sangapite kumalo atsopano wamaliseche, pafunika nsalu yosang'ambika.

Mai Odeta analowa m'nyumba, nakhalitsamo. Nsalu yatsopano inali imodzi yokha. Anatuluka nayo, naiyala pansi, namukulunga mwana wawo m'kapulana ya kampani.