Chitsononkho mu Jezi ya a Anselmo

"Kodi a goloboyi athuwa agonanso?" anafunsa mayi wogulitsa nzimbe kuseli kwa golo.

Mpira unali utalowa kale. A Anselmo anali atatsamira mtengo wa golo, chibwano chili pachifuwa, ndipo chinawadzutsa ndi mfuu ya anyamata a ku Linthipe.

Kanali kachitatu chaka chimenecho. A Anselmo anali atagwirira timu ya ocheka matabwa kuphiri la Dedza zaka khumi ndi ziwiri. Thupi linali litakula, khosi ngati chipika cha paini, koma manja anali omwe aja. Vuto linali loti mpira ukakhalitsa mbali inayo, iwo amasinza chiimire.

Timoteyo, kaputeni wa timu, sanakayike kuti adani akuwathira mankhwala. Lamlungu lotsatira anawaza mchere pagolo, n'kulamula kuti a Anselmo asalowere pachipata koma alumphe mpanda. Anyamata oona makhadi a chipani anawathamangira poganiza kuti akuzemba. Khadi anali nalo. Mpanda ndi umene unagwa. Tsikulo anasinzanso, zinalowa ziwiri, ndipo Timoteyo anawauza kuti ayambe apuma.

Akazi awo, a Dorika, ankadziwa zimene timu sinkadziwa. Atapita ndi mwana wawo Elena kusikelo ku Kasina, anatsalira m'mbuyo mpaka mzere unatha, n'kufotokozera a Sisitere Magadalena, namwino wapachipatalapo.

"Amaliza mkonono, a Sisitere, kenako zii. Ine ndimawerenga chamumtima. Ndimafika makumi atatu, pena anayi, iwo osapuma. Ndikawagunda ndi chigongono amadzuma ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Kukacha amati ine ndiye ndimawasokoneza tulo."

"Amagona bwanji?"

"Chagada, ngati bwana."

A Sisitere sanaseke. Anati munthu wonenepa khosi akagona chagada, lilime ndi minofu yakukhosi zimatseka njira ya mpweya. Amadzidzimuka kambirimbiri osadziwa, ndiye tulo timakamupeza masana. Zikapitirira, magazi amathamanga, mtima n'kutopa. Anamva kuti kunja kuli makina othandiza, koma iwo analibe.

"Abwere ndidzawayeze. Thupi lichepe, mowa wamadzulo asiye, ndipo azigona chammbali."

A Dorika anawapeza amuna awo pakhonde akupaka girisi tcheni cha njinga.

"Ine kuchipatala chifukwa cha mkonono?" anatero a Anselmo. "Mayi a Elena, mukufuna anthu andiseke? Bambo anga ankaliza mkonono mpaka agalu kuuwa kutsidya."

"Anamwalira ali ndi zaka zingati?"

A Anselmo anapukusa pedulo, tcheni n'kulira. Bambo awo anagona bwinobwino tsiku lina ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, osadzukanso. Iwo anali atatsala ndi zaka zisanu kuti afikepo.

"Nanga chammbalicho, munthu ali m'tulo angadziwe bwanji kuti watembenuka?" anafunsa motsitsa mawu.

A Dorika analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jezi yobiriwira yapagolo, singano ndi chitsononkho cha chimanga. Anasoka kathumba pamsana, pakati penipeni pa nambala wani, n'kulowetsamo chitsononkhocho.

"Jezi ya timu imeneyo!"

"Timu yake iti? Si akuuzani kuti mupume? Muzipumira momwemu."

Sabata yoyamba a Anselmo anadandaula kuti msana wawo wasanduka munda wa mfuko. Yachiwiri anapita ku Kasina m'mamawa, kudzera njira yakudimba kuti asakumane ndi anthu. Anakapezeka ndi kuthamanga kwa magazi, n'kubwera ndi mapiritsi m'kathumba. Njinga anaisiya, kuphiri n'kumakwera wapansi. Mowa sanausiyiretu, koma anausamutsira Loweruka masana, n'kumati a Sisitere anatchula wamadzulo wokha.

Mkonono sunathe. Unangochepa, ndipo a Dorika akawerenga ankalekera pa khumi. Lamba anaboolanso kawiri. Kumisa a Anselmo anamva ulaliki wonse kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, ndipo potuluka anati bambo mfumu amatalikitsa.

Patatha miyezi itatu, Timoteyo anafika pakhomo chipewa chili m'manja. Goloboyi watsopano anali wamaso ndithu, koma mipira ankaionerera ikudutsa.

"Achimwene, tabwerani mudzatiombole. Jezi ija ilipo?"

Inali pachingwe, chotupa chake chili poonekera. Timoteyo anaiyang'ana, n'kuyang'ana a Dorika.

"Alamu, mankhwala amenewa munakatenga kwa ndani?"

"M'nkhokwe," anatero a Dorika, osasiya kusankha nyemba.

A Anselmo anaimirira, n'kukweza buluku lomwe tsopano linkawakhwepa.

"Jeziyo ili ndi ntchito, siichoka pano. Lamlungu ndibwera, Timoteyo, koma pagolo upeze wina. Ine ndikasewera kutsogolo."