Nthabwala za pa Maliro a Lazalo

A Lazalo Nkhoma anaphedwa masanasana, dzuwa likuswa mtengo, m'nkhalango ya bulugamu ya pafamu ina ya fodya ku Tengwe. Iwo anali mlonda wa mitengoyo. Munthu wina amene anabwera kudzaba nkhuni zoumitsira fodya wake anawatema ndi nkhwangwa, ndipo apolisi anam'gwira tsiku lomwelo akudikira basi ya ku Karoi. Mwana wawo Esinati anamva uthengawo ali m'shedi yosankhira fodya, masamba ali m'manja.

Amene anaopsa anthu kwambiri anali mayi ake a Esinati, a Nachisale. Sanalire, sanadye, sanayankhe aliyense. Anangokhala pamphasa maso ali gwa pakhoma, mpaka azimayi a kutchalitchi anayamba kunong'onezana kuti tikapanda kusamala tikumba manda awiri.

Ndiye pa tsiku loika maliro kunatulukira a Reason Katsande.

Amene sanakhaleko ku Zimbabwe amve bwino apa. Kwa Ashona munthu amakhala ndi sahwira, bwenzi la pamtima lomwe ntchito yake yaikulu imaoneka iwe ukafa. Amavala zovala zako, amayenda mayendedwe ako, amakutukwana uli m'bokosi, amaulula za ngongole zako za mowa, zonsezo kuti ofedwa apume. Kwathu adzukulu amachitako zoterezi, koma sahwira amapitirira. A Reason, Mshona wa fuko la Akorekore, mwini kamunda ka kuseri kwa damu, anali sahwira wa a Lazalo chiyambire unyamata wawo, pamene onse awiri ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya a mzungu.

Anafika atavala ovololo ya malemuyo, chipewa chili pamphumi, akutsimphina mwendo wamanzere ndendende ngati mwini wake. Anayankhula Chishona chopotoka cha a Lazalo chija, anthu n'kuyamba kugwira pakamwa. Kenako anamenya bokosi ndi chikhatho.

"Muka iwe bwidi! Dzuka! Abambo ako anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, iwe ukufuna tikunyamule pamapewa? Ulesi wautenga kuti?"

Liwu lakuti bwidi ndi chitonzo choipa, chimene anthu amanyozera nacho ana a Amalawi obadwira m'mafamu. Likatuluka pakamwa pa wina, mabotolo amauluka. Koma awiriwa ankapatsana moni ndi liwu lomwelo tsiku ndi tsiku, a Lazalo n'kubweza kuti, "Wadzuka, Mkorekore waulesi?" Ndiye pamaliropo anthu anafa nacho chiseko. A Nachisale anagwedeza mapewa, n'kuseka kamodzi, chisekocho n'kusanduka kulira kwenikweni kumene aliyense ankakudikira. Atatha anapempha maheu.

Esinati anajambula zonsezo pafoni, misozi ikutsika. Madzulo anatumiza kanemayo kwa mlongo wake wamng'ono, Bright, amene ali ku Joni ndipo analephera kubwera chifukwa mapepala ake si olongosoka. Ankafuna kuti mwanayo aone kuti amayi ayamba kudya. Chimene anaiwala n'chakuti Bright anatengedwa ndi azakhali ali wamng'ono, anakulira m'tauni ya eni, ndipo za sahwira sankazidziwa n'komwe.

M'mawa mwake, Esinati akutsuka mapoto a pamaliro, kunabwera Hadija, mnzake wogulitsa tomato pageti la famu. Analowa osaodira, foni ili patsogolo.

"Esi, waona zimene wachita mlongo wako? Maiwe, takanika!"

Bright anali ataika kanemayo pa Fesibuku, pa tsamba lalikulu la nkhani, n'kulemba kuti: Bambo anga aphedwa chifukwa ndi Mmalawi, ndipo onani momwe Ashona akuwanyozera ali m'bokosi.

Esinati anakhala pansi pomwepo, pamatope a madzi otsukira. Ndemanga zinali zitachuluka kale moti chala chinatopa kutsitsa. Anayamba kuwerenga, kukamwa kuli yasa.

Woyamba anaika tinkhope toseka mzere wonse. Wina analemba m'Chishona kuti bwidi silifa, limangopita kukalima usiku m'munda mwa amalume ake. Wina anati bokosilo likwezedwe basi ya ku Blantyre, dothi la Zimbabwe latopa ndi alendo. Alendo! A Lazalo anabadwira pafamu yomweyo, ku Malawi sanapondeko ngakhale kumaloto. Mayi wina atadzudzula kuti pali munthu wophedwa apa, anam'yankha kuti, "Ndi nthabwala chabe amai, mwadya mandimu?" Kenako kunalowa Amalawi a ku Lilongwe ndi ku Joni, mitima ili m'mwamba, n'kuyamba kutukwana Mzimbabwe aliyense, wamoyo ndi wakufa. Bambo wina wa ku Mangalande analemba Chingerezi chachitali ngati ulaliki, kupempha mbali zonse kuti zikambirane mwaulemu, popeza iye sankakondwa ndi mawu amene mbali zonse zikugwiritsa ntchito. Anam'tukwana onse pamodzi, ndipo pokhapo m'pamene anagwirizana. Pofika pakati pa mkanganowo dzina la wophedwayo linali litasowa. Ena ankamutcha Lazarus, ena mdala uja, ndipo za munthu wa nkhwangwa panalibe wofunsa.

Anthu a m'mafoni ndi otero. Maliro sanafikepo, nkhuni sanatole, manda sanakumbe, koma kulira kwawo kumaposa kwa mwini maliro.

Choopsa kwambiri chinali pansi. Wina wodzitcha Mwana wa Ngwazi analemba kuti: "Mdala wovala ovololoyu ndimam'dziwa. Dzina lake Reason, amalima fodya kuseri kwa damu ku Tengwe. Anyamata a m'makomboni, mukudikira chiyani?" Pansi pake anthu anali kuvomereza, wina n'kuika chithunzi cha chikwanje.

Esinati analemba kuti iye ndi mwana wa malemuyo, kuti a Reason ndi sahwira, kuti uwu ndi mwambo, kuti popanda iwo amayi ake sakanadya. Mayankho anabwera ngati njuchi. Wina anati ndi wabodza wofuna kutchuka. Wina anati ngati alidi mwana wake, wagulitsa magazi a bambo ake. Mtsikana wina, mwaulemu wake wonse, analemba kuti, "Pepa sisi, munazolowera kunyozedwa mpaka mwakutcha mwambo." Mawu amenewo anam'baya kuposa matukwano.

Anaimbira Bright.

"Iwe, wapenga? Chotsa chinthu chija pompano!"

"Ndichotse? Achemwali, munthu akumenya bokosi la adadi, akuwatchula dzina lija, inu mukuseka? Ine kuno ndagona osagona!"

"Amenewo ndi agogo, a sekuru Reason! Ndi amene anasambitsa mtembo. Ndi amene anakunyamula iweyo kupita nawe kukiliniki uli ndi chikuku. Ndi sahwira wa adadi, wamva?"

"Sahwira n'chiyani?"

Funso limenelo linam'maliza Esinati. Anafotokoza akulira, Bright kumbali inayo akupuma mwamphamvu. Pomaliza mnyamatayo anati, "Bwanji simunandiuze?" ndipo anachotsa. Koma madzi akatayika saoleka. Masamba ena anali atakopera kale kanemayo, ena ataikamo nyimbo.

Dzuwa litapendeka, Esinati anamanga chitenje n'kudutsa njira ya kudamu, akuthamanga pang'ono, akuyenda pang'ono. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kumbuyo, ankacheuka. Ankaona m'maganizo balani ya a Reason ikuyaka, iwo ali gone pabwalo.

Anawapeza ali bwinobwino pamthunzi wa balani, akusoka masamba a fodya pamikangala, ndudu yopichira ili kukhutu.

"Titambire, takulandira mwanangu. Ndamva kuti ndatchuka kuposa oimba nyimbo za sungura. Ana a sukulu andilozera chala lero."

"Sekuru, si zoseka. Alemba dzina lanu ndi pamene mumakhala. Pitani ku Karoi kwa mwana wanu, mukakhaleko mpaka ziphwe. Chonde."

"Ndisiye fodya m'balani chifukwa cha anthu a m'foni? Aiwa. Amenewo ngakhale nkhuku sangaphe. Khala apa, undiwerengere. Maso angawa tizilembo tating'ono sationa bwino."

Esinati anakana, iwo anaumirira, ndipo mwana sakanira sahwira wa bambo ake. Anakhala pa mulu wa nkhuni n'kuyamba ndi zowaopseza, poganiza kuti mwina achita mantha n'kuvomera kuthawa. A Reason ankangoseka. Atamva za chikwanje anati abwere nacho, chawo chabuntha. Atamva kuti ndi mfiti yopanda mano, anatsegula pakamwa kuonetsa kuti atatu alipo.

Kenako Esinati anafika pa za oseka aja, za kulima usiku, za basi ya ku Blantyre. Singano ya a Reason inaima.

"Bwereza."

Anabwereza.

"Awa akunena Lazalo?"

"Eya, sekuru."

"Akuti akuseka pamodzi ndi ine?"

"Akuti ndinu ngwazi yawo. Akuti mwanena zimene onse amaopa kunena."

Nkhope ya mkuluyo inasintha ngati wamwa madzi a mphika wa nsomba zoola. Analavula pansi. "Imbwa idzi, agalu enieni. Anam'dziwa Lazalo amenewa? Anadyapo naye mbale imodzi? Ine liwu lija ndinaligula ndi zaka, ndi thukuta la m'balani. Iwo alitola pamsewu." Kenako anati, "Pitiriza."

Esinati anatsitsa chala, n'kuona dzina la Hadija. Mnzakeyo anali atalemba masana omwewo, pofuna kuteteza a Reason. Esinati anawerenga mzere woyamba chamumtima. Anadumpha msanga.

"Wadumpha," anatero a Reason.

"Ayi, ndi zachabechabe."

"Mwana wa Lazalo, bodza silikukhala. Bambo ako analinso choncho. Bweretsa kuno."

Anam'landa foniyo mwaulemu koma mwamphamvu, n'kuitalikitsa ndi maso mpaka mkono wonse, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

Tsiku la ngoziyo Hadija ankadutsa m'nkhalango ya bulugamu ndi dengu lake, ndipo anaona zonse. Anauza apolisi, anauzanso azimayi a m'nyumba ya maliro, ndipo azimayiwo anapangana kuti mbali imodzi ya nkhaniyo isafike kwa a Reason mpaka kalekale. Koma Hadija, mtima utam'wawa ndi matukwano a anthu osadziwa kanthu, anaitaya pabwalo la dziko lonse. Analemba kuti: "Siyani mdalayu, simukudziwa chikondi cha awiriwa. Ine ndinalipo. Wakuphayo anabwera chakumbuyo n'kukuwa kuti iwe bwidi. A Lazalo anali ndi ndodo m'manja, akanatha kuthawa kapena kudziteteza. Koma anaponya ndodo pansi n'kutembenuka akuseka, chifukwa ankayesa ndi a Reason."

A Reason anawerenga mpaka pamapeto, n'kuyambiranso. Mphepo inkagwedeza masamba pamikangala, ndipo m'balani moto unkathetheka.

"Ichokwadi?" Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "N'zoona, Esinati?"

Esinati anafuna kunama. Anafunitsitsa. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti Hadija ndi wokokomeza, kuti anali patali, kuti sanaone bwino. Koma mkuluyo ankamuyang'ana m'maso, ndipo iye anangoweramitsa mutu.

"Amayi ako akudziwa?"

"Akudziwa."

"Dzulo, pamene ndimamenya bokosi, ndikukuwa liwu lija, ankadziwa?"

"Ankadziwa, sekuru. Ndi iwo anati musauzidwe. Anati mukadziwa simubwera, ndipo adadi apita opanda wowatukwana."

A Reason anaika foniyo pansi bwinobwino, ngati dzira. Anakhala pa dothi pakati pa masamba a fodya, manja ali pamutu. Munthu amene anaseketsa komboni yonse pamaso pa mtembo analira mokweza ngati mwana, ndipo Esinati, amene anabwera kudzawapulumutsa kwa anyamata a zikwanje, anasowa pogwira.

"Ndinam'phunzitsa ndine," ankatero. "Zaka zonsezi ndinkam'phunzitsa kuti akamva liwu limenelo aziseka."