Dzanja la Faines

"Wadyedwanso?" ndinafunsa ndikuunjika tomato pabenchi.

Faines, mwana wanga wa Folomu 1, anali kuseri kwa benchi yanga pa msika wa Chezi. Anali atazolikira pa katoni yojambulidwa timabokosi, zitsekerero za mabotolo zili ndandanda. Ati ndi masewero a tchesi. Pa timu ya sukulu yopita ku mpikisano ku Dowa Boma panatsala malo amodzi, ndipo Lachisanu ankayenera kulimbirana malowo ndi Samueli, amene anali atamugonjetsa kale kanayi.

"Aphunzitsi akuti dzanja langa limafulumira kuposa mutu."

"Tandionetsa."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma ndinkafuna kudziwa chomwe chinkamuiwalitsa mwana kudya. Anatola chitsekerero chimene ankati hatchi. Ndinamugwira mkono.

"Ukaika apo, mnzakoyo atani?"

"Asuntha msilikali."

"Akapanda kutero?"

Anayang'anitsitsa katoni ija. Kenako motsitsa: "Adya hatchi yanga."

"Basi! Ine wogula asanatsike m'galimoto ndimakhala nditadziwa kale chomwe anene, chomwe ndiyankhe, ndi pomwe anamizire kuchoka. Iwe ukungomwaza ngati ukudyetsa nkhuku."

Masiku atatu ndinamuumiriza. Iye atani? Nanga iwe? Nanga iyenso? Ogula ena anatopa kudikira, nkupita kwa mnzanga wa pambali.

Lachisanu ndinakaima pawindo la kalasi. Masewero ali mkati, Samueli anakankha mfumukazi yake, kachidutswa kamphamvu kuposa tonse, nkuisiya poyera pamaso pa hatchi ya Faines. Ngakhale ine ndinaiona. Faines ali duu, milomo yokha ikugwedera. Mphindi zisanu zathunthu!

"Idya, iwe!" ndinakuwa.

"Mayi, chonde, chokani pawindopo," anatero aphunzitsi ake, a Aroni.

Faines sanadye. Anangosuntha kamsilikali pafupi ndi mfumu yake. Ndinatsonya. Koma patapita kanthawi Samueli anagwira kumutu, nkupereka dzanja kuvomera kuti wagonja. A Aroni analemba dzina la Faines.

Ndinalowa osagogoda.

"Nyama yaulere ija unaisiyiranji?"

Faines anabwezera tizidutswa pomwe tinali, nkukhala pampando wa Samueli.

"Idyani inuyo, amayi."

Ndinadya. Anasuntha. Ndinathawitsa mfumu komwe anandilozera, poti kunalibe kwina. Anasunthanso.

"Mfumu yanu yafa."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinangoima, mfumukazi ya eni nditaifumbata m'manja.

"Tabwezeranso," ndinatero ndikukoka mpando. "Sindinaone bwino."