Wezulo Pakhomo pa Ajira

Chimene chinayamba kumukayikitsa Ajira ndi mapazi. Madzulo aliwonse Amida, mwana wa malemu mkulu wake, ankafika pakhomo miyendo ili mbuu ndi fumbi, chonsecho sukulu inali pafupi ndipo inkaweruka masana. Akamufunsa kumene anali, mtsikanayo ankangoyang'ana pansi. Chimwalirireni mayi ake m'dzinja la 1978, mawu ake anali awiri okha: eya ndi iyayi.

Abiti Sefu, mayi woyandikana naye nyumba m'mudzi wawo wa ku Katuli, ndiwo anabwera ndi yankho.

"Inu a Ajira, mukugona. Mwana wanuyu ndimamuona kuseri kwa sukulu ali ndi anyamata. Ndipo mphunzitsi watsopano uja, a Rowland, amalemba mayina awo m'kabuku."

"Mayina a chiyani?"

"Mukufunsa ine? Masiku ano munthu wolemba mayina timamufunsa?" Analoza ndi mlomo msewu wopita ku boma.

Zaka zimenezo dzina likalowa m'buku losadziwika, mwini wake ankatha kutengedwa, abale osauzidwa kumene wapita.

"Mverani ine," anapitiriza Abiti Sefu motsitsa mawu. "Che Jaffalie, wogulitsa usipa ku Mangochi uja, akufuna mkazi wachiwiri. Apatseni mwanayu achoke m'maso mwa anthu. Zaka khumi ndi zinayi si khanda."

Ajira sanapite kukafunsa kusukulu, poopa kuti nalo dzina lake lilowa m'kabukumo. Anangoletsa Amida kutuluka pakhomo, n'kuvomera kuti Che Jaffalie adzabwere Lachisanu akatuluka kumzikiti. Mtsikanayo sanatsutse. Anakhala pamphasa kuyang'ana khoma, chakudya n'kumachibweza mmene chabwerera. Ngakhale eya ndi iyayi uja anatha.

Lachinayi masana Ajira akupeta mpunga, anamva wezulo. Kenako mapazi ambiri akuponda pamodzi, di, di, di. Atasuzumira kumpanda anaona mzere wa anthu ovala khaki ukukhotera kunyumba kwake.

"A Payoniya!" anatero, poganiza kuti ndi achinyamata a chipani ofunsa makhadi. Lichero linagwa. Anakoka Amida n'kumukankhira m'nkhokwe, iye n'kuthamangira m'nyumba kukasolola khadi ya chipani pansi pa mphasa. Anaima pakhomo ataigwira ndi manja awiri.

Mzere unafika, wezulo inalira, onse anaima njo. Apa m'pamene anaona kuti asilikaliwo anali opanda nsapato, ndipo mamendulo a pachifuwa pawo anali tizitsekerero ta mabotolo. Awiri ananyamula ng'oma. Anali ana ovina gule wa beni. Kumbuyo kwawo kunali a Rowland, kabuku kali m'manja.

"Khadi yanga nayi, bwana," anatero Ajira.

"Sitinadzere khadi, mayi. Tadzera woyambitsa nyimbo wathu."

"Woyambitsa nyimbo ndani? Muno muli mwana wosayankhula. Ndipo inu, mayina a ana a eni mumawalemberanji? Mumakawapereka kuti?"

A Rowland anatsegula kabukuko n'kumupatsa. Ajira anafika Sitandade 3, choncho anawerenga yekha. Pambali pa dzina lililonse panali timizere ta masiku.

"Sapita kulikonse," anatero mphunzitsiyo. "Ambiri mwa ana awa ndi amasiye. Ena abambo awo anapita ku migodi ku Joni osabwerako. Lamulo lathu ndi lakuti amene sanabwere m'kalasi m'mawa savina masana. Amene wasowa masiku atatu, mzere wonse umapita kukamutenga kwawo. Lero ndi tsiku lachitatu la Amida."

"Nanga kuvina kumachiza chiyani?"

"Mwana wa chisoni mukamupanikiza ndi mafunso amatseka pakamwa. Koma mukamupatsa malo ake pamzere, anzake n'kumamudikira, amadziwa kuti akasowa pali omufuna. Pamene ndinalakwa ine ndi apa: ndinayenera kubwera kudzakuuzani poyamba. Pepani."

Mnyamata wa ng'oma, potopa ndi kudikira, anayamba kuiguguda pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi m'nkhokwe munatuluka mawu, akuthwa, okwera bwino, akuyambitsa nyimbo ya Chiyao. Ana onse anavomera. Amida anatsika, mankhusu ali m'mutu, n'kukaima kutsogolo kwa atsikana ngati palibe chachitika.

Ajira anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mwachangu, kuti asaonedwe.

"Aphunzitsi, ndamva. Mawa abwera kusukulu. Koma masana ndizibwera nanenso, ndizikhala pansi pa mtengo. Kabuku kanuko ndizikaona ndi maso angawa."

"Bwerani ndi amayi anzanu omwe. Oyimba m'manja akutichepera."

Abiti Sefu anasuzumira pampanda. "Nanga Che Jaffalie mawa tiwauza chiyani?"

"Mukawauze inuyo amene munawaitana," anatero Ajira akutola lichero lake. "M'mawa mtsikanayu ali m'kalasi, masana ali pamzere. Nthawi ya banja alibe."

Phunziro: Mwana akasintha khalidwe chifukwa cha mavuto, pitani mukaone nokha kumene amapita musanamuweruze ndi za m'maluwa. Magulu a magule oyendetsedwa bwino amasunga ana pasukulu ndipo amawapatsa anzawo owafunafuna akasowa. Nawonso otsogolera maguluwa azidziwitsa makolo poyamba, chifukwa chochitika mobisa chimabala mantha.