Anandisiyira Kabokosi

"Chachikuluchi ndi changa," anatero alamu anga a Mose, atakumbatira ampulifaya, chimakina chokuzira mawu cha malemu amuna anga, ngati mbuzi yogula kumsika. Tinali tisanamete n'komwe, kwathu ku Bowe. Alongo awo, a Lidia, anali atatulutsa kale masipika awiri amatabwa.

"Alamu, zinthuzi zimayendera limodzi," ndinatero. "Mukazilekanitsa muziwononga."

"Iii, namfedwa kudziwa za waya! Tengani kabokosika muzisungiramo mabatani. Ndi choimbira makasetichi, ndani akuchifuna masiku ano?"

Anaseka onse, ine misozi ili chuchuchu.

Kabokosi kameneko amuna anga a Festus anakavutikira zaka. Ampulifaya ndi masipika anagula ku esiteti ya fodya kumene ankagwira ntchito, koma chimakina chakalecho chinalibe pochepetsera mawu. Chinkafuna kabokosi kapatsogolo, kolandira nyimbo n'kuipereka mwamuyezo. Anayesa tingapo. Kena kankangong'ung'udza, kena kankanjenjemeretsa masipika mpaka mtima kuima. Koyenera anakapeza pamsika wa ku Ntchisi, n'kubwera nako atakakulunga m'jekete. Ankati zili ngati ng'ombe zapangolo, umamanga zofanana mphamvu.

Ine za waya ndinalibe nazo ntchito. Chinkandiwawa ndi kaseti imene anajambulamo mawu awo akuimba nyimbo zakwaya, matenda apakhosi asanawalande mawuwo. Mwana wathu Roza anakula akumva bambo ake akungonong'ona. Akawapempha kuti aiike, ankamuyankha kuti, "Udzamvera ndikadzapita." Ndiye apita, pomvera palibe.

Fodya atagulitsidwa, a Mose anakwatitsa mwana wawo ku Nachisaka, ine n'kundiika kumoto ndi amayi ophika. Ndinaona anyamata adisiko akulumikiza chosakanizira nyimbo chawo molunjika ku ampulifaya ija. Ndinathamanga, chipande chili m'manja.

"Alamu, tumani njinga ikatenge kabokosi kaja. Chonde!"

"Bwererani kumiphika, mayi. Iwe, tsegula yonse, amve mpaka ku Ntchisi!"

Zinalira kamodzi, phuu! Kenako zii. Fungo la waya wopsa linaposa la nyama.

Patapita masiku, ngolo inaima pakhomo panga. A Mose anatsitsa ampulifaya ndi masipika aja pafumbi, osalonjera.

"Katundu wa amuna anu uyu. Ankasunga zinyalala, zandichititsa manyazi pamaso pa asewere. Kapena munazilodza ndinu?"

Ine ndi Roza tinazikokera m'nyumba, tinapukuta fumbi, n'kulumikiza mawaya ku batire ya sola monga ankachitira bambo ake. Roza anaika yekha kaseti ija m'kabokosi kaja.

Kagetsi kanayaka, kaseti inayamba kuzungulira. M'masipika simunatuluke kanthu, ngakhale kamphepo. Koma pagalasi la kabokosiko timivi tiwiri tosonyeza kukula kwa mawu tinayamba kukwera ndi kutsika, kukwera, kuima pang'ono, kukweranso.

Roza anayandikitsa nkhope pagalasipo.

"Amayi, khalani chete," anatero. "Apa bambo akupuma, ayambanso."