Mkaka wa Bwana

Dzina loti Bwana anamupatsa mwanayo ndi agogo ake, chifukwa akangolira nyumba yonse inkaimirira ngati walowa woyang'anira ntchito. Mayi ake nawo anasanduka make Bwana, dzina lawo lenileni n'kutsala pa chiphaso.

Bambo a mwanayo ankagwira ntchito yokonza misewu kutali, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. M'nyumbamo ankakhala atatu: make Bwana, Bwanayo, ndi apongozi aamuna, amene anasamukira kwa mwana wawo akazi awo atamwalira. Anali dalaivala wa basi wopuma pa ntchito, munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba, womwa tiyi atamanga mabatani onse mpaka pakhosi. Iwo ndi mpongozi wawo ankalemekezana kwambiri moti akakumana m'khonde aliyense ankapatukira mnzake, onse awiri n'kugunda khoma.

Bwana atayamba kulawa zakudya zofewa, make anayenera kubwerera ku saluni kumene ankaluka tsitsi. Za wolera mwana anazithetsa okha apongoziwo.

"Ndayendetsa basi yodzaza zidakwa ine. Ndilephere pasenjala mmodzi wopanda mano?"

Kuyamwitsa make Bwana sanafune kusiya. M'mawa ndi madzulo Bwana ankayamwa, koma wa masana make ankafinya kuntchito. Kuseri kwa saluni kunali kachipinda kosungiramo matawulo ndi makatoni a meshi. Ankakhala pa ndowa yovundikira, msana atatsekera nawo chitseko chopanda loko, n'kumafinyira m'kabotolo kagalasi kotsuka ndi madzi otentha. Mnzake wapampando woyandikana, amene onse ankamutcha Wailesi, sankalephera kulengeza.

"Kasitomala, dikirani pang'ono, mwini mutu wanu ali ku khola. Akukama!"

Saluni yonse inkaseka, make Bwana n'kutuluka atakulunga kabotoloko m'thawulo ngati waba. Ankakaika mufiriji ya zakumwa, kuseri kwenikweni, mpaka nthawi yoweruka.

Tsiku loyamba kusiya mwana, anaima pa firiji ya kunyumba apongozi ali pambali pake akudikira malangizo. Mawu anali atawakonza akusamba. Koma atayang'ana kolala yosita ija, liwu loti mawere linakana kutuluka.

"Bambo, uwu wa m'botolo ndi mkaka wa Bwana. Uwu wa m'paketi ndi wa tiyi wanu."

Apongozi ananyamula kabotoloko n'kukayang'ana pa windo. Mkakawo unali wopyapyala, wotuwira ngati madzi otsukira mpunga, timafuta titayandama pamwamba. Anaupendeketsa uku ndi uku.

"Uwu ndiye wa Bwana?"

"Eya, bambo."

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Chabwino."

Make Bwana anatola chikwama n'kuthawa, akuthokoza kuti sanafunse zambiri.

Masabata oyamba zonse zinkaoneka kuti zikuyenda. Akaweruka ankapeza kabotolo katatsukidwa, katavundikiridwa pa thawulo loyera, matewera ali pa chingwe molingana ngati asilikali. Apongozi ankapereka lipoti ali chiimire: Bwana wagona kawiri, wamwa bwino, wandikoka mphuno. Tsiku lina anawonjezera kuti ukalamba ndi wodabwitsa, lilime lasintha, masiku ano shuga akuthira theka la supuni koma tiyi akutsekemera ndithu. Make Bwana anati ndi bwino, shuga wambiri si wabwino kwa akuluakulu.

Kenako Bwana anayamba kufooka. Sanadwale mogwa, ayi. Anangosiya phokoso. Mwana amene ankamenya supuni pa tebulo mpaka aneba kumva, tsopano ankangoigwira n'kuiyang'ana. Zakudya ankalavula. Milomo inatuwa. M'mimba munkatseguka, n'kuleka, n'kuyambanso. Make anati ndi mano. Apongozi anati ndi mano. Mano awiri anatulukadi, koma mwana sanabwerere.

M'mawa wina make Bwana akusintha thewera anaona timizere ta magazi. Analipinda msangamsanga n'kukalichapa yekha apongozi asanaone, ngati kubisa thewera n'kuchiza mwana.

Ku saluni tsiku limenelo analuka mzere umodzi katatu. Wailesi anamuyang'ana pagalasi.

"Iwe, mutu wa mayiwa si munda woti uziphunzirirapo mizere. Chavuta n'chiyani?"

Anamuuza motsitsa mawu, koma kwa Wailesi kunalibe chotsitsa.

"Ndi mkaka wakowo! Tsiku lonse ukupuma fungo la mankhwala owongolera tsitsi, ukuganiza amapita kuti? Ndiye uzifinyira m'kachipinda konunkha matawulo onyowa kaja. Mkaka wa munthu si wosunga m'botolo, mwali. Umasasa."

Kasitomala amene anali pansi pa makina oumitsira tsitsi anatulutsa mutu n'kuvomereza, ngakhale sanamve chiyambi. Masana amenewo make Bwana anakhala pa ndowa ija, nayang'ana mkaka wake ukudontha m'kabotolo, wopyapyala, wotuwa. Anaununkhiza. Anadzifunsa ngati wakhala akupatsa mwana wake poizoni ndi manja ake omwe, n'kumanyadira kuti ndi mayi wosamala.

Mawa lake anapempha tchuthi kuti apite ku sikelo. Anapeza apongozi atavala kale jekete, chipewa chili m'manja.

"Bambo, musavutike, ndipita ndekha."

"Womudyetsa masana ndine. Akafunsa za masana muyankha chiyani?"

Anapita atatu.

Ku chipatalako chipinda cha anesi anachilekanitsa ndi mzere wa amayi ndi katani yokha, yosafika n'pansi pomwe. Mapazi a odikira ankaoneka. Anesiwo anali mayi wamkulu thupi, wa mawu osafuna chokuzira. Anamuyeza Bwana kulemera, anamutsitsa chikope, anatambasula zikhatho zake n'kuziyerekeza ndi za make. Anabaya kachala. Bwana analira pang'ono chabe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa make kuposa magazi aja.

"Mwanayu magazi achepa. Akuyamwa?"

"Akuyamwa, m'mawa ndi madzulo."

"Masana?"

"Ndimasiya mkaka."

"Mkaka wanji?"

Make Bwana anayang'ana mapazi a pansi pa katani. Anayang'ana nsapato zopolisha za apongozi. Asanapeze njira yozungulira liwu lija, apongozi anakonza kukhosi.

"Pamenepo ndiyankhe ndine, anesi. Mwana uyu masana amamwa mkaka weniweni, wa ng'ombe, wosathira dontho la madzi. Ndimawiritsa ndekha, ndimauziziritsa, amamwa kapu yodzaza, nthawi zina mpaka makapu atatu. Kumbali imeneyo musakayike."

Anesi anaika cholembera pansi. "Wa ng'ombe. Mwana wosakwana chaka."

"Bambo," anatero make Bwana motsitsa mawu, "nanga wa m'botolo uja?"

Apongozi anazunguza chipewa m'manja. Ankaoneka kuti akumva chisoni kuti nkhaniyi yafika pagulu.

"Amake Bwana, ine sindinafune kukuchititsani manyazi. Zinthu zavuta, ndikudziwa, munthu amathira madzi kuti mkaka ukhalitse. Koma mwana sangakule ndi madzi oyera. Ndinaona kuti kukudzudzulani si malo anga, ndiye ndinangosinthanitsa mwakachetechete. Wabwinowo kwa Bwana." Anatembenukira kwa anesi. "Wamadziwo sindinatayepo ayi, kutaya chakudya ndi tchimo. Ndimathira mu tiyi."

Kuseri kwa katani, mwana amene ankalira anatsekedwa pakamwa ndi bere kuti anthu amve bwino.

"Mayi," anatero anesi, "m'botolomo mumaikamo chiyani?"

"Wanga."

"Eetu, wanu," anavomereza apongozi, "wosakaniza inu."

"Wa m'mawere, bambo," anatero anesi. "Mpongozi wanu amafinya mkaka wa m'mawere n'kusiyira mwana. Umaoneka choncho. Ndi umene mwakhala mukumwera tiyi."

Wina kuseri kwa katani anatsamwa ndi phwete, mnzake n'kumuletsa, kenako onse awiri analephera. Apongozi sanagwedezeke. Chipewa chinagwa pansi, sanachitole. Make Bwana analakalaka simenti itang'ambika. Ngati thupi lake likufuna kumumaliza, bulauzi inayamba kunyowa kutsogolo. Anamukumbatira Bwana kuti abise.

Anesi sanaseke. Anakoka katani n'kuuza mzere wonse kuti amene akuona kuti n'zoseketsa abwere awerengere mwanayu magazi. Atabwerera anayankhula ndi onse awiri, osasankha.

"Mkaka wa ng'ombe ndi wa mwana wa ng'ombe. Mwana wa munthu asanakwane chaka, m'mimba mwake simunakhwime. Umamukhutitsa, ndiye amakana chakudya, koma mulibe zokwanira zopangira magazi. Ena umawakanda m'matumbo n'kumataya magazi pang'onopang'ono. Mwaonapo magazi m'thewera?"

"Dzulo," anatero make.

Apongozi anatembenuka n'kumuyang'ana. Iwonso sanauzidwe zimenezo.

"Nyumba imodzi, mwana mmodzi, aliyense ndi chinsinsi chake," anatero anesi akulemba. "Ulemu wanuwo mwana ndi amene akulipira."

Anawapatsa mankhwala a madontho owonjezera magazi, anati wa ng'ombe aleke lero lomwe mpaka chaka chikwane, azimupatsa mazira, nyemba, chiwindi chopota ndi masamba, ndipo abwerenso adzamuyeze. Anati achira, koma akapitiriza kuchitirana manyazi adzabwera naye atanyamula m'manja.

Pobwerera anakwera basi imodzi, mipando yosiyana. Apongozi, amene nthawi zonse ankadzudzula madalaivala a masiku ano posintha magiya, anangoyang'ana panja pa windo ulendo wonse.

Kunyumba apongozi analowa kuchipinda kwawo n'kutseka. Make Bwana anamwetsa mwana mankhwala, anamuyamwitsa, anamugoneka. Akutsuka kasupuni anamva zipi ya chikwama. Posakhalitsa apongozi anatuluka ndi sutikesi yawo yakale, jekete lili pamkono, maso ali pa khoma.

"Ndikaone alamu anu masiku angapo. Akhala akundiitana."

Make Bwana anadziwa kuti masiku angapowo sadzatha. Anadziwanso kuti akangoti muyende bwino, bambo, onse awiri apumula, sadzayang'ananso m'maso mpaka pa maliro a wina. Zinali zosavuta. Anayang'ana chitseko cha chipinda chimene Bwana anagona, napukuta manja, nakaima pakhomo.

"Bambo, ndi mkaka wa m'mawere anga."

Apongozi anatseka maso.

"Ndimafinya kuntchito, m'chipinda cha matawulo, ndi manja awa. Umaoneka wamadzi chifukwa ndi mmene ulili. Ndikanakuuzani tsiku loyamba lija, koma ndinaopa kolala yanu. Tsopano ndanena, ndipo sindinafe."

"Amake Bwana, ine ndamudwalitsa mwana. Ndiponso ndamwa..."

"Mwamwa, eya. Sitingaubweze. Mawa ndikupita kuntchito. Amumwetsa ndani?"

"Amayi onse aja amva."

"Amayi aja sadziwa kuti Bwana samwa ngati kapu si yachikasu. Sadziwa kuti amafuna kumuimbira hutala asanameze. Mukachoka ndimusiya kwa munthu woti ndiyambirenso kumufotokozera, ndipo ine mwaona mmene ndimafotokozera."

Anaima choncho, sutikesi ili pakati pawo. Kuchipinda Bwana anatsokomola, n'kukhalanso chete. Apongozi anatembenuzira khutu kumeneko osadziwa kuti atero. Kenako anaika jekete pa mpando. Sanamuyang'ane mpongozi wawo, anayang'ana firiji.

"Amauwiritsa?"

"Ayi. Kuwiritsa n'kuupha."

Make Bwana anatulutsa kabotolo ka dzulo, anathira madzi ofunda m'mbale, anakaimika m'menemo. Anawaonetsa kugwedeza pang'onopang'ono kuti timafuta tapamwamba tisakanikirane, ndi kudonthezera pa dzanja kuti amve ngati wafunda. Anawauza kuti wotsala m'kapu asabwezere m'botolo. Apongozi ankagwedeza mutu pa chilichonse ngati akulandira basi yatsopano. Atapatsidwa kabotoloko anakagwira ndi manja awiri, makutu ali piriwiri.

"Ndipo mukaona chachilendo m'thewera, mundiuze," anatero make Bwana.

"Inunso," anatero apongozi.

Sutikesi inabwerera kuchipinda. Madzulo make Bwana anateleka ketulo, natulutsa paketi ya mkaka wa ng'ombe n'kuika pa tebulo pafupi ndi kapu yawo. Apongozi anaiyang'ana, anaikankhira kutali ndi chala chimodzi. Anathira tiyi wakuda bii, anamulawa, anakwinya nkhope, n'kukoka mbale ya shuga.