Tsiku Limene Tinasankha Masana

Abwana oyang'anira nyumba ya maofesi ija atandiitana, ndinadziwiratu kuti ndi nkhani ya mashifiti. Ogwira ntchito m'maofesi ankadandaula kuti pofika masana zimbudzi zimakhala zitada kale. Eni nyumba nawo ankalira ndi magetsi oyaka usiku wonse chifukwa cha anthu asanu ndi mmodzi okolopa.

"Kapitawo," anatero abwanawo, "kafunseni anthu anu. Masana kapena usiku. Lachisanu mundiyankhe."

Ine yankho ndinali nalo kale. Zaka khumi ndi chimodzi ndikugona dzuwa lili paliwombo, ana a aneba akumenyetsa mpira pakhoma langa! Make Mapasa, yemwe ankakolopa nsanjika yapansi penipeni, ankatsekera ana ake m'nyumba usiku uliwonse n'kubwera mtima uli m'mwamba. Ndani wamutu wabwino akanasankha usiku?

Tinakumana m'sitolo yathu, kachipinda kosungiramo ndowa ndi mamopu, konunkha mankhwala otsukira zimbudzi. Nditati ofuna masana akweze manja, manja asanu anakwera, langa poyamba. Limodzi lokha linatsala pabondo.

Linali la a Kadzidzi. Tinawapatsa dzinali chifukwa anali atagwira usiku zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo eni ake ankaliyankha moseka. Nsanjika yachitatu inali yawo. Sindinalandirepo dandaulo ngakhale limodzi lochokera kumeneko. Anali ndi kagwiridwe kawokawo: akafika ankavula nsapato n'kukolopa chosavala, amati phazi limamva mchenga umene mopu wausiya. Ankayamba ndi kubweza mpando uliwonse pansi pa tebulo lake, kenako n'kuyambira kukhomo lakumanzere, milomo ikugwedera. Ife tinkati akupemphera. Magetsi ankangoyatsa a m'khonde okha, ndipo ine ndinkawatama pamaso pa anzawo kuti ndi munthu wosamala.

"Ine usiku," anatero.

"Aa, a Kadzidzi, inunso! Dzuwa linakulakwirani chiyani? Kapena muli ndi chibwenzi pansanjika yachitatu?"

Onse anafa nacho chikhakhali. Iwo anangomwetulira.

Anzathu atatuluka anandigwira malaya. "Mwanawe, ndisiyeni ndekha usiku. Anzangawa apite masana. Sindivuta munthu."

"Chifukwa chake?"

"Ndinazolowera basi."

"Kuzolowera si chifukwa, bambo. Tonse tinazolowera. Zausiku zatha."

Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu wanga, amayi anga anandiuza ndili kamtsikana. Lachisanu ndinakauza abwana kuti tonse tagwirizana masana. Tonse, ndinatero. Anasainirana mapepala ndi eni nyumba, natipatsa malamulo atsopano: yunifolomu yochapa, chikwangwani chachikasu paliponse ponyowa, ndipo nsapato osavula, chifukwa m'maofesi mukhala anthu.

Lolemba tinayamba. Ine ndinali nditagona usiku wonse ngati khanda, ndinafika ndikuimba. Koma isanakwane naini koloko foni ya m'sitolo inalira. Mayi wina wa pansanjika yachitatu ankati mkulu wokolopa wapondaponda chikwama chake. Lachiwiri, bambo wina anati amupaka mopu wonyowa pansapato, iye ali chiimire. Madzulo ake ndinapeza mchenga m'khonde monse, pamalo amene kale munthu ankadziona nkhope.

Ndinawaitana a Kadzidzi. "Kodi mwayamba kumwa? Kapena mukundinyanyalira chifukwa mwaluza? Ngati ndi mwano nenani, ineyo mwano ndimautha."

"Pepani, kapitawo. Anthuwa amasuntha zinthu."

"Ndiye asasunthe? Ndi maofesi awo! Maso muli nawo, muziyang'ana."

Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa pangapa. Mpaka lero akandibwerera chakudya sichitsika.

Lachitatu ndinakwera kuti ndikaone ndekha. Pakati pa khonde la nsanjika yachitatu pali chitseko chagalasi. Usiku alonda ankachisiya chotsekula, atachitchinga ndi mpando kuti tizidutsa ndi ndowa. Masana chimakhala chotseka. Ndikutuluka m'chikepe ndinawaona a Kadzidzi akubwera, ndowa yodzaza ili m'manja, akuyenda molimba mtima ngati munthu wa m'nyumba mwake. Sanachepetse liwiro ngakhale pang'ono.

Phu! Chipumi pagalasi. Ndowa uko, madzi mbwee mpaka pansi pa matebulo. Wina anaseka, kenako anthu onse anangoti zii ataona magazi akutsika pamphuno.

Ndinathamanga, ndinasolola kansalu koyera m'thumba n'kuwatambasulira. "Gwirani, pukutani."

Anatambasula dzanja. Linapita kumbali, kutali ndi kansaluko, zala zikufufuza m'malere. Anayesanso, linadutsa pansi. Ine ndili pamaso pawo penipeni, dzuwa likuwala pazenera.

M'sitolo ndinawakhazika pandowa yovundikira, ndikuwapukuta.

"Zinayamba liti?"

"Chino ndi chaka chachinayi," anatero. "Ndimaona kuti uku kwawala, uku kwada. Basi."

"Nanga mwakhala mukukolopa bwanji?"

"Kuchoka pachikepe kufika kukhitchini mapazi makumi anayi ndi awiri. Matebulo khumi ndi asanu kumanzere, asanu ndi anayi kumanja. Usiku chinthu ukachiika pamalo, chimakudikira pomwepo."

Kugwedera kwa milomo kuja sikunali kupemphera. Ankawerenga.

"Bwanji osandiuza, bambo?"

"Ndikanakuuzani mukanandisunga?" Anapukusa mutu. "Kunyumba ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi ndi apongozi. Iwo amangoti maso atopa ndi ukalamba. Ndikangodzuka, khalani pansi bambo, mugwetsa zinthu. Koma ndikalowa muno usiku ndinali munthu wathunthu. Musawauze abwana, mwanawe. Ndiphunzira masanawa. Mungondipatsa mwezi."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinaona ngati ndikudziwa bwino kuposa mwini mimba. Ndinati mumtima, masana sangawaphunzire, adzagwa pamasitepe. Abwana ndi munthu wachifundo, ndikawafotokozera zoona zake awabwezera usiku. Ndinawasiya a Kadzidzi m'sitolomo n'kukwera ku ofesi.

Abwana anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anavula magalasi n'kufikisa m'maso.

"Kapitawo, mukanabwera ndi pempho la usiku sabata yatha, mwina tikanaona chochita. Munati nonse mwagwirizana. Pano usiku nyumba imakhomedwa, mulibe munthu. Ndipo mwandiuza kuti saona. Ndikanakhala sindikudziwa, bwenzi ili ngozi wamba ya chitseko. Koma ndadziwa. Munthu wosaona, masitepe, mankhwala, pansi ponyowa... akavulala ndidzayankha chiyani? Sindingawasunge, masana kapena usiku."

Ndinapempha, ndinalira, ndinafika pokalipa. Sizinathandize. Anawaitana a Kadzidzi, analankhula nawo mwaulemu chitseko chili chotseka, nawauza kuti akapume, zoyenera zawo zonse alandira.

A Kadzidzi anatuluka atanyamula kajumbo ka zovala zawo. Make Mapasa anabisa nkhope m'yunifolomu. Pakhomo lalikulu panali piringupiringu, anthu akupita kukadya, ena akubwera, aliyense ndi foni kukhutu. A Kadzidzi anaima.

"Ndigwireni mkono, kapitawo. Masana nyumba ino sindiidziwa."

Ndinawagwira. Tinatsika masitepe akunja limodzilimodzi, ine ndikunena kuti apa tsikani, apa tsikaninso. Titafika pa sitepe lachinayi anaima.

"Chikundizunguza mutu n'chimodzi," anatero. "Ine ndinakonzeka kuwauza abwana kuti ndinaterereka. Koma ndapeza akudziwa kale. Ndi mayi wachikwama uja?"

Ndikananama. Bodza linali pamlomo penipeni, ndipo iwo sakanaona nkhope yanga.

"Ndine, bambo. Ndimafuna kukuthandizani."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anagwira zala zanga n'kuzichotsa pamkono pawo chimodzichimodzi, mofatsa.

"Mwandithandiza kokwana, mwanawe. Bwererani kuntchito."

Ndinabwerera sitepe limodzi. Iwo anatsala ataima, kajumbo pachifuwa, anthu akuwalambalala uku ndi uku. Anatsogoza phazi, linafufuza m'mphepete mwa sitepe, analibweza. Galimoto inaliza hutala pafupi, anadzidzimuka. Anatembenuzira nkhope kumanja, kenako kumanzere, kumvetsera ngati pali mawu a munthu wina amene akumudziwa. Panalibe.

Pamapeto pake, osatembenuka, anakweza chigongono pang'ono kumbali imene ndinaima ine.